Mmene mungasankhire buku la kemisitiri ya madzi achilengedwe pa yunivesite

Mukapita ku laibulale n'kupempha buku lotchedwa Water Chemistry, musadabwe akakufunsani kuti, "Liti?" Mabuku a dzina limeneli alipo osachepera atatu: la Snoeyink ndi Jenkins la 1980, la Mark Benjamin lomwe linatuluka koyamba mu 2002, ndi la Brezonik ndi Arnold la 2011. Palinso mulu wina wa mabuku okhala ndi mawu akuti Aquatic Chemistry pachikuto. Onsewa amakamba za asidi, za carbonate ndi za zitsulo zosungunuka m'madzi, koma aliyense analembera anthu ake. Lomwe lingathandize wophunzira wa uinjiniya ku MUBAS likhoza kumusokeretsa mnzake wa za miyala ku Zomba. Ndiye kusankha kumafuna ndondomeko, makamaka poti buku limodzi latsopano la mtundu umenewu limadya ndalama zomwe wophunzira akanadyera mwezi wathunthu kapena kuposerapo.

Yambani ndi madziwo

Musanagwire buku lililonse, lembani papepala kuti ndi madzi ati amene mudzakhale mukulimbana nawo zaka zikubwerazi. Funsoli likuoneka lachibwana, koma likayankhidwa, theka la mabuku limachoka lokha pamndandanda.

Ngati mtima wanu uli pa madzi a pansi pa nthaka, mafunso anu adzakhala onga awa: n'chifukwa chiyani mijigo yambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi a mchere? Nanga fluoride amene amathimbiriritsa mano a ana m'madera ngati Nathenje amachokera kuti, ndipo bwanji amachuluka m'madzi omwe calcium ndi wochepa? Apa mukufuna buku lodziwa miyala, dongo, ndi mmene madzi amasinthira akamadutsa pang'onopang'ono m'nthaka.

Wa nyanja ndi mitsinje nkhani yake ndi ina. Nyanja ya Malawi ndi yakuya pafupifupi mamita 700, ndipo mukapitirira mamita 200 mpaka 250 kutsika pansi, okosijeni kulibe chaka chonse. Kuti mumvetse zochitika m'madzi a pansiwo, mutu wa redox, womwe umakamba za kusinthana kwa ma electron, uyenera kukhala wolongosoka bwino m'buku lanu. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho madzi akamauma ndi dzuwa mchere umatsala n'kumaunjikana, ndipo mukufuna buku lofotokoza zomwe zimayamba kugwa pansi madzi akamaphwa.

Amene akufuna kukagwira ntchito yoyeretsa madzi a m'mipopi adzakumana ndi chlorine, alum, laimu ndi dzimbiri la m'mapaipi tsiku lililonse. Ndipo wophunzira wa ku Copperbelt ku Zambia, kumene madzi a m'migodi amatha kulowa mu mtsinje wa Kafue, sangachite bwino popanda mutu wofotokoza mmene pyrite, mwala wokhala ndi chitsulo ndi sulfur, imapangira asidi ikakumana ndi mpweya ndi madzi.

Kenako funsani aphunzitsi funso loyenera

Pa course outline pamakhala mabuku anayi kapena asanu. Musaganize kuti onse amagwira ntchito mofanana. Nthawi zambiri limodzi lokha ndi lomwe aphunzitsi amatsatira, enawo anangoikidwapo chifukwa ndi odziwika. Mukawapeza mu ofesi, m'malo mofunsa kuti buku labwino ndi liti, afunseni kuti, "Aphunzitsi, kodi mafunso a asainimenti mumawatenga m'buku liti?" Yankho lake ndi lofunika chifukwa olemba amasiyana kalembedwe. Poyeza redox, wina amalemba pe pomwe mnzake amalemba Eh. Wina amayeza alkalinity, mphamvu ya madzi yothetsa asidi, mu meq/L, wina mu mg/L ya CaCO3. Zonsezi zimasinthika mosavuta, mwachitsanzo Eh ndi 0.059 kuchulukitsa ndi pe madzi akakhala pa madigiri 25, koma m'chipinda cha mayeso si malo oyambira kuzolowera kalembedwe kachilendo.

Dziyeseni masamu

Phunziro limeneli ndi la masamu kuposa mmene dzina lake limamvekera. Ngati mungathe kupeza kuchuluka kwa H+ kuchokera pa pH ya 8.2 osaima kaye, ngati malamulo a ma log simunaiwale, ndipo mukukumbukira mmene ΔG imalumikizanirana ndi K, mukhoza kulowa buku lililonse. Ngati zimenezi zikukuchititsani thukuta, palibe chamanyazi, koma sankhani buku lomwe limayamba ndi kubwereza zinthuzi ndipo limaonetsa sitepe iliyonse.

Adziweni mabukuwo

Dzina lomwe mudzalimve koyamba ndi Stumm ndi Morgan. Buku lawo, Aquatic Chemistry, linatuluka mu 1970, linakonzedwanso mu 1981, ndipo edishoni yachitatu ya 1996 ili ndi masamba opitirira 1,000. Werner Stumm anatsogolera bungwe la kafukufuku wa madzi la EAWAG ku Switzerland, James Morgan ankaphunzitsa ku Caltech, ndipo phunziro lonseli linaumbidwa kwambiri ndi buku lawolo. Mukamawerenga mapepala a kafukufuku mudzalipeza likutchulidwa paliponse. Komabe ine sindingalipereke kwa munthu amene akuyamba kumene. Olembawo amadumpha masitepe poganiza kuti owerenga aona okha, ndipo ndime imodzi ikhoza kukudyerani madzulo onse. Wa digiri yachiwiri amene akufuna kumvetsa mmene zitsulo zimamatirira pa tinthu tating'ono toyandama m'madzi, ameneyo alifunefune. Wa chaka chachitatu alisiye pa shelefu ya laibulale, azikaliona pa nkhani imodziimodzi.

Buku la Benjamin, wa ku University of Washington, lili ndi mtima wa mphunzitsi. Limayenda pang'onopang'ono, limafotokoza chifukwa chake chinthu chili choncho lisanakupatseni fomula, ndipo limaphunzitsa bwino kwambiri kujambula magalafu a log C ndi pH, omwe ndi msana wa kosi yonse. Edishoni yachiwiri ya 2015 imagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere ya Visual MINTEQ. Ena amadandaula kuti limatalikitsa nkhani. N'zoona, koma kwa munthu amene akudziphunzitsa yekha usiku, kutalikitsako ndi komwe kumamupulumutsa. M'gulu lomweli muli la James Jensen, A Problem-Solving Approach to Aquatic Chemistry la 2003, lodzaza ndi zitsanzo zowerengedwa kale, ndi la James Pankow, Aquatic Chemistry Concepts la 1991.

La Snoeyink ndi Jenkins ndi lakale, koma a uinjiniya amalikondabe chifukwa ndi lolunjika ndipo limakamba bwino za chlorine ndi za kuchotsa calcium ndi magnesium wochuluka m'madzi. La Brezonik ndi Arnold, lomwe edishoni yake yachiwiri inatuluka mu 2022, ndi lotambalala kuposa onsewa: kuwonjezera pa equilibrium, lili ndi mitu ya zinthu zowola zosungunuka m'madzi, ya nitrogen ndi phosphorus, ndi ya mankhwala opangidwa ndi anthu omwe amathera m'mitsinje. Ngati kosi yanu ili mu dipatimenti ya za chilengedwe, liyang'aneni mofatsa.

La Morel ndi Hering, Principles and Applications of Aquatic Chemistry la 1993, lili ndi njira yakeyake yosanjira masamu m'matebulo yotchedwa tableau. Amene aigwira amaikonda moyo wawo wonse. Koma ngati aphunzitsi anu saigwiritsa ntchito, mudzakhala mukuphunzira njira ziwiri nthawi imodzi, ndipo semesita ndi yaifupi.

Tsopano a miyala. James Drever wa ku University of Wyoming analemba The Geochemistry of Natural Waters, edishoni yachitatu mu 1997. Ndi lopepuka poyerekeza ndi la Stumm ndi Morgan, ndipo limayamba ndi funso lomwe munthu wa kumunda amafunsa: madzi awa atenga kuti zomwe ali nazo? Limafotokoza kufumbutuka kwa miyala, dongo, ndiponso lili ndi mutu wa madzi ouma ndi dzuwa momwe muli chitsanzo cha Nyanja ya Magadi ku Kenya. Amene akuganiza za Chilwa ayambire pamenepo. La Appelo ndi Postma, Geochemistry, Groundwater and Pollution, edishoni yachiwiri ya 2005, ndilo la anthu a mijigo. Limakutengani kuchokera potunga sampulo mpaka kuwerengetsa pa kompyuta ndi PHREEQC, pulogalamu yaulere ya United States Geological Survey (USGS) imene Appelo yemweyo anathandiza kulemba. La Donald Langmuir, Aqueous Environmental Geochemistry la 1997, ndi lolemera, koma lili ndi mutu wonse wa uranium ndi anzake, womwe ungathandize munthu amene akufufuza madzi a kufupi ndi mgodi wa Kayelekera ku Karonga.

Pali mabuku awiri omwe anthu amawasokoneza ndi mabuku ophunzirira. Loyamba ndi Standard Methods for the Examination of Water and Wastewater. Ilo limakuuzani mmene mungayezere sampulo mu labotale, osati tanthauzo la zomwe mwapezazo. Lachiwiri ndi la John Hem, Study and Interpretation of the Chemical Characteristics of Natural Water, lomwe edishoni yake yachitatu inatuluka mu 1985 ngati Water-Supply Paper 2254 ya USGS. Silinalembedwe ngati buku la m'kalasi, choncho palokha silingakukonzekeretseni mayeso. Koma limatenga chinthu chimodzichimodzi, calcium, chitsulo, fluoride, silica, n'kunena komwe chimachokera ndi kuchuluka komwe mungayembekezere. Mukakhala ndi pepala la zotsatira za ku labotale m'manja, palibe mnzanu woposa ameneyu, ndipo ndi laulere pa intaneti.

Liyeseni ndi pensulo

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndi pomwe ambiri amadumpha. Amatsegula zamkatimu, amaona kuti mitu yonse ilimo, n'kutseka. Mitu imafanana m'mabuku onse. Chosiyana ndi choti kodi bukulo likukuphunzitsani inuyo kapena ayi. Nsapato ya pa kaunjika simugula poiona ndi maso, mumaivala n'kuyenda nayo pang'ono.

Sankhani mabuku awiri kapena atatu, khalani nawo pa tebulo ndi pepala, pensulo ndi kakyuleta, ndipo lililonse mulipatse ntchito yofanana. Tiyerekeze kuti mwatunga madzi pa mjigo, ndipo labotale yakuuzani kuti pH ndi 7.5, alkalinity ndi 200 mg/L ya CaCO3, calcium ndi 60 mg/L, kutentha madigiri 25. Funso ndi lakuti: kodi madzi amenewa angasungunule calcite (mwala wa CaCO3), kapena angasiye makoko oyera m'mapaipi?

Onani ngati bukulo likukufikitsani pa mfundo izi popanda kufunsa munthu. Choyamba, kuti 50 mg/L ya CaCO3 ndi 1 meq/L, ndiye alkalinity yanu ndi 4 meq/L, yomwe pa pH imeneyi pafupifupi yonse ndi bicarbonate, cha m'ma 244 mg/L. Chachiwiri, kuti pK (-log ya K) yachiwiri ya carbonic acid ndi 10.33, choncho carbonate ndi kagawo kakang'ono zedi, pafupifupi 0.0015 ya bicarbonate. Chachitatu, kuti calcium wanu ndi 1.5 mmol/L ndipo pK ya kusungunuka kwa calcite ndi 8.48. Mukachulukitsa calcium ndi carbonate n'kuyerekeza ndi pK ya calcite ija, saturation index, nambala yosonyeza ngati madzi akhuta calcite, imatuluka cha m'ma 0.4 pamwamba pa ziro. Buku labwino silikusiyani pamenepo. Lidzakukumbutsani kuti ma ion m'madzi amakokana, ndiye muyenera kugwiritsa ntchito activity, mphamvu yeniyeni ya ion, m'malo mwa kuchuluka kwake chabe. Ngati mchere wina m'madzimo ndi wochepa, nambala ija imatsika kufika cha m'ma 0.2. Madziwo ndi okhuta calcite pang'ono, ndipo mukawawiritsa, CO2 n'kuthawa, makoko aja aoneka mu ketulo.

Pochita zimenezi muone zinthu zingapo. Mwatenga mphindi zingati kupeza ma constant? Ali mu tebulo limodzi kumapeto kapena amwazikana m'mitu yosiyana? Mlozera wa kumapeto wakufikitsani pa tsamba loyenera? Pali chitsanzo chowerengedwa kale chofanana ndi funso lanulo? Ndipo pomwe munakakamira, kubwerera masamba awiri m'mbuyo kunakumasulani, kapena wolembayo anangoti n'zodziwikiratu?

Ngati nthawi ilipo, onjezani kayeso kachiwiri. Fufuzani pomwe bukulo likufotokoza charge balance, njira yoonera ngati zotsatira za ku labotale zili zodalirika pophatikiza ma cation ndi ma anion onse mu meq/L. Kusiyana kukapitirira 5 peresenti, anthu ambiri a ntchitoyi amayamba kukayikira zotsatirazo. Ichi ndi chinthu choyamba chomwe mudzachite pa pulojekiti yanu ya chaka chomaliza, koma mabuku ena apamwamba amangochidutsa m'mizere iwiri. Amene akufuna kugwira ntchito ndi madzi a mchere aonenso ngati bukulo likunena malire a njira zake: ya Davies yowerengetsera activity imagwira bwino mpaka ionic strength (muyeso wa kuchuluka kwa ma ion m'madzi) ya 0.5, pomwe madzi a m'nyanja zikuluzikulu za mchere ali cha m'ma 0.7.

Edishoni yakale ili bwino, koma chenjerani ndi zinthu zitatu

Ma pK a carbonic acid sanasinthe kuyambira nthawi ya agogo anu, ndiye buku la 1980 likhoza kukuphunzitsani equilibrium bwinobwino. Chomwe chasintha ndi mpweya. Mabuku akale amawerengera CO2 ya mumlengalenga pa 10 to the power -3.5 atm, yomwe ndi pafupifupi 316 ppm. Lero yapitirira 420 ppm, kufupi ndi 10 to the power -3.4 atm. Kusiyanaku ndi kochepa pa pH ya madzi a mvula, yomwe imakhalabe cha m'ma 5.6, koma yankho lanu likhoza kusiyana ndi la aphunzitsi pa desimo yomaliza.

Chachiwiri ndi mayunitsi. Mabuku ena akale amalemba mphamvu mu kcal osati kJ, ndipo mukaiwala kuchulukitsa ndi 4.184 zonse zimapita kutchire. Chachitatu ndi malire a madzi akumwa. Musawatenge m'buku lophunzirira. World Health Organization inatsitsa malire a arsenic kuchoka pa 50 kufika pa 10 µg/L mu 1993, ndipo buku lolembedwa chisanafike chaka chimenecho likupatsani nambala yakale. Malire a fluoride a bungweli ndi 1.5 mg/L, a nitrate ndi 50 mg/L, koma polemba lipoti onani zikalata zatsopano za WHO ndi za Malawi Bureau of Standards kapena bungwe la miyezo la dziko lomwe muli.

Kumbukiraninso kuti manambala a mafunso amasintha edishoni ikasintha. Aphunzitsi akati funso 5.12, tsimikizani kuti mukukamba funso limodzi.

Mabukuwa analembedwa kozizira

Pafupifupi onse omwe ndatchulawa analembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo zitsanzo zawo ndi za kumeneko. Mudzawerenga za nyanja zomwe madzi ake amasakanikirana kuchokera pansi mpaka pamwamba kawiri pa chaka, chipale chikasungunuka ndiponso kukayamba kuzizira. Nyanja ya Malawi sichita zimenezo. Madzi a pamwamba amasakanikirana mozama m'miyezi yozizira Mwera ukamawomba, koma a pansi penipeni amakhala osakhudzidwa. Kutentha kumasinthanso manambala: madzi a madigiri 10 amasunga okosijeni wokwana 11.3 mg/L, pomwe a madigiri 25 amasunga pafupifupi 8.3 basi. Choncho onani ngati bukulo lili ndi matebulo a ma constant pa kutentha kosiyanasiyana, kapena ngati likuphunzitsa kuwasintha ndi njira ya van 't Hoff. Izi n'zofunika kwambiri kwa amene angapite kukatunga sampulo pa akasupe otentha ngati a ku Chiweta kapena ku Nkhotakota. Wa za nyanja aphatikizepo buku la Talling ndi Lemoalle, Ecological Dynamics of Tropical Inland Waters la 1998, lomwe limakamba za nyanja za kotentha kuphatikizapo za mu Africa muno.

Kulipeza

Yambani ku laibulale, ndipo musangoyang'ana pa shelefu. Funsani ngati lili m'gulu la mabuku obwereka maola ochepa, ndiponso funsani za mabuku a pa intaneti omwe sukulu yanu imapeza kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, kapena ku Research4Life. Ophunzira ambiri amamaliza digiri osadziwa kuti mwayi umenewu analinawo. Buku la Hem ndi PHREEQC mungazipeze pa webusaiti ya USGS popanda kulipira, ndipo bungwe la Groundwater Project limapereka kwaulere mabuku ambiri a za madzi a pansi, kuphatikizapo Groundwater la Freeze ndi Cherry la 1979, lomwe lili ndi mitu yabwino ya kemisitiri.

Ngati mwaganiza zogula, logwiritsidwapo kale ntchito ndi lokwanira. Mukamatuma m'bale amene ali ku Joni kapena ku Britain, mutumizireni nambala ya ISBN ndi chithunzi cha chikuto, kuti asakubweretsereni edishoni ina. Anthu atatu kapena anayi a kalasi imodzi akhoza kusonkherana n'kugula limodzi, bola agwirizane kale za yemwe adzagone nalo sabata ya mayeso. Ngati mnzanu wakupatsani fotokope ya mutu umodzi, onetsetsani kuti timanambala ta pamwamba ndi pansi pa zilembo tikuwerengeka. Kachizindikiro ka minus kakafufutika pa 10 to the power -8, funso lonse lawonongeka.

Pomanga chisankho

Musagule mabuku atatu. Tengani limodzi lophunzirira, lomwe linapambana pa kuyesa kwa pensulo kuja, muliphatikize ndi la Hem komanso pulogalamu imodzi ya pa kompyuta. Kwa wa digiri yoyamba amene sanadziwe mbali yomwe adzalowere, ine ndingaloze la Benjamin kapena la Jensen. Wa miyala ndi mijigo ayambe ndi la Drever, kenako asamukire ku la Appelo ndi Postma ikafika nthawi ya pulojekiti. Wa za chilengedwe atenge la Brezonik ndi Arnold, wa zoyeretsa madzi la Snoeyink ndi Jenkins ngati lapezeka motchipa.

Awiri akafanana mphamvu, tengani lomwe lili ndi mayankho a mafunso ena kumapeto, chifukwa mukamawerenga nokha palibe wina wokuuzani kuti mwaphonya. Ngati onse alibe mayankho, lowetsani funsolo mu PHREEQC kapena Visual MINTEQ mukamaliza kuwerengetsa pamanja, muone ngati manambala akuyandikana. Akasiyana kwambiri, yambani mwaona mayunitsi a alkalinity omwe mwauza kompyutayo.